Momwe Mungalimire Masamba Padenga la Silabu Osawononga Nyumba

Ku Luchenza, pa Bvumbwe, pa Thyolo boma, ku Chitakale mpaka ku Limbuli kuli nyumba ndi mashopu ambiri othiridwa silabu pamwamba, eni ake akudikira ndalama zodzasanjikizira nyumba ina. Zitsulo zili njo m'makona, dzuwa likungowotcha konkire chaka ndi chaka. Malo olima kuno ndi osowa, minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu, choncho n'zomveka kuti ena ayamba kukweza dothi padenga kuti apeze ndiwo. Ambiri zimawakanika mofanana. Ikangotha mvula ya chaka chimodzi, chipinda cha m'munsi chayamba kudontha, penti akusupuka, ndipo pofika Okutobala masamba apserera. Gwero lake ndi zinthu ziwiri, kulemera kwa dothi ndi madzi osowa kolowera. Mukakonza ziwirizi, zotsalazo ndi ulimi wamba wa kudimba.

Ngati denga lanu ndi lamalata, musakwezepo dothi ngakhale pang'ono. Mitengo ya denga lamalata siinapangidwire katundu wotero, ndipo chinyezi chimadya malata msanga. Inu pitani pa gawo 6, mukolole madzi ndi kulima m'matumba pansi.

## Zofunika kukhala nazo

- Simenti ndi mchenga wa kumtsinje wosefa
- Phula lamadzi loyambira, ndi phula la pepala lomata ndi moto lija amisiri amati torch-on, lokhuthala mamilimita 4
- Matumba a ufa kapena a feteleza opanda kanthu, ochapa bwino
- Njerwa zowotcha
- Matabwa a bulugama a mainchesi 8 m'lifupi, misomali ndi waya wa khola la nkhuku
- Pulasitiki wakuda wokhuthala, uja amayala pansi pothira maziko
- Makoko a makademiya kapena tizidutswa ta makala
- Mankhusu a mpunga, manyowa owola bwino, dothi lapamwamba ndi phulusa
- Magata, mapaipi a PVC a mamilimita 110, thanki, ndi mgolo wa malita 200 wokhala ndi chivindikiro
- Levulo, tepi yoyezera, sikelo, ndowa ya malita 20 ndi kheni

Ntchito ya phula imafuna konkire youma, ndiye nthawi yake ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. M'miyezi ya chiperoni silabu imatha kuoneka youma pamwamba koma mkati mukadali chinyontho.

## 1. Dziwani katundu amene silabu yanu ingasenze

Apa musaganizire chabe. Pezani injiniya, kapena mmisiri amene anathira silabuyo, akuuzeni kukhuthala kwake, zitsulo zomwe analowetsa, ndi pomwe padutsa mabimu ndi zipilala. Funso lomufunsa ndi ili: kodi sikweya mita imodzi ingasenze makilogalamu angati nthawi zonse, kuwonjezera pa anthu oyendapo? Bokosi lomwe tikulongosola pano likanyowa limalemera pafupifupi makilogalamu 180 mpaka 200 pa sikweya mita. Silabu yomwe inapangidwa kuti idzakhale pansi pa nyumba yosanja nthawi zambiri imakhala yolimba kuposa yomwe inathiridwa kuti ingofunda, koma wonena zimenezo akhale amene wayiona.

Lowani m'chipinda cha m'munsi muyang'ane m'mwamba. Mukaona mng'alu wodutsa pakati, madontho a dzimbiri, konkire yogumuka mpaka chitsulo kuonekera, kapena silabu yopindikira pansi, imani pomwepo. Denga lotero likufuna kukonzedwa lisanasenze chilichonse.

Chenjezo: kakhonde ka silabu kotuluka kunja kopanda chipilala pansi pake, konga ka kutsogolo kwa shopu, musaikepo bokosi, mgolo kapena mulu wa dothi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, mwini wake avomere kaye, makamaka polemba.

Mukatsimikiza, jambulani ndi choko pamwamba pa denga mizere yosonyeza pomwe pali makoma ndi mabimu a m'munsi. Zolemera zonse zidzakhala pa mizere imeneyi.

## 2. Konzani kutsetsereka ndi potulukira madzi

Sesani denga lonse, kenako thirani ndowa zingapo za madzi pakati, muone komwe akulowera. Paliponse pomwe madzi aima, zungulizani ndi choko. Malo amenewo ndi omwe adzadonthe.

Denga liyenera kupendekera kopita madzi ndi masentimita 2 pa mita iliyonse. Ngati ndi lathyathyathya, thirani simenti yosakaniza gawo limodzi ku magawo anayi a mchenga, yokhuthala kumtunda ndi kupyapyala cha kopotulukira, koma isachepere masentimita 2 kapena 3 kuti isang'ambike. Dziwani kuti simenti imeneyinso ndi katundu: sentimita imodzi iliyonse ikuwonjezera makilogalamu oposa 20 pa sikweya mita, ndiye muuzeni injiniya uja. Pomwe silabu yakumana ndi kakhoma ka m'mbali, matani simenti yopendekera ya masentimita 5 kuti pasakhale kona yakuthwa, chifukwa phula limang'ambikira pakona. Ithirireni madzi kwa sabata imodzi kuti ilimbe, kenako muisiye iume masabata awiri kapena atatu.

Potulukira madzi pakhale pawiri kapena kuposa apo, pa mapaipi a mamilimita 110, ndipo pakamwa pa paipi iliyonse pakhale kawaya kotchinga zinyalala. Kuwonjezera apo boolani kakhoma ka m'mbali masentimita 5 pamwamba pa silabu, muike kapaipi kotayira kunja. Kameneka n'kopulumutsira tsiku lomwe enawo atsekeka. Tonse tikukumbukira mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, yomwe inagwa masiku angapo osakata. Madzi akaima masentimita 10 padenga ndiye kuti sikweya mita iliyonse yasenza makilogalamu 100 owonjezera, pa nthawi yomwe mabokosi onse akhuta madzi kale.

## 3. Matani phula, kenako liyeseni

Pakani phula lamadzi padenga lonse louma ndi losesa, ndipo likwere m'makoma a m'mbali. Likauma, mmisiri amate phula la pepala kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, kuti pepala la kumtunda lizigona pamwamba pa la kumunsi. Polumikiza apitirize masentimita 10, ndipo m'makoma likwere masentimita 15 mpaka 20. Mudzaona kamzere ka phula losungunuka katuluka m'mphepete mwa polumikiza. Pomwe kamzereko palibe, pamenepo sipanagwire, abwerezepo moto.

Zitsulo zotuluka m'makona zija ndiye njira yaikulu ya madzi. Madzi amatsetsereka ndi chitsulo kulowa m'konkire, chitsulo chimachita dzimbiri n'kutupa, konkire n'kung'ambika. Zipaleni dzimbiri ndi bulashi yawaya, zipakeni simenti yamadzi, ndipo muzimangire kachipilala ka njerwa kodzaza ndi simenti yofooka yomwe mudzagumule mosavuta tsiku lomanga. Phula likwere pakachipilalako ngati pakhoma.

Tsopano tsekani mapaipi onse ndi nsanza, dzazani madzi akuya masentimita 5, muwasiye maola 48. Yang'anani m'munsi m'mawa ndi madzulo, makamaka m'makona, pomwe pali mababu, ndi mozungulira mapaipi. Anthu ambiri amadumpha gawo limeneli pofuna kusunga madzi, koma kupeza podontha mabokosi atadzaza kale kumafuna kutsitsa dothi lonse. Madzi oyeserawo atsikire m'migolo, adzagwira ntchito posakaniza dothi.

Musanapitirire, mangani chotchinga m'mbali monse chotalika mita imodzi ndi masentimita 10, cholimba moti munthu wamkulu atayedzamira sichigwedera. Pokwerera pakhale chitseko chokhoma ngati pakhomo pali ana.

## 4. Pangani mabokosi okwezedwa

Dothi lisagone pa phula. Likagona pamenepo limatseka njira ya madzi, mizu imafunafuna polumikiza, ndipo khasu limodzi lolakwika laboola denga.

Khomani bokosi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali, kuya kwake thabwa limodzi la mainchesi 8. Mita imodzi ndi yabwino chifukwa dzanja limafika pakati osapondamo. Pansi pake khomani timatabwa mopingasa, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati, muyalepo waya wa nkhuku. M'mbali mwa mkati kutani ndi pulasitiki wakuda kuti matabwa asaole msanga, koma pansi musatseke.

Pomwe pakhale bokosi, yalani matumba awiriawiri pamwamba pa phula, musanjepo njerwa zogoneka, ndipo bokosi likhale panjerwazo. Njerwa zisanu ndi zitatu zimakwana bokosi limodzi. Zitalikirane kuti madzi azidutsa pansi ndi kuti tsache lizilowa. Siyani njira ya masentimita 60 pakati pa mabokosi, ndi masentimita 50 kuchokera pakhoma ndi pa mapaipi. Njira zimenezi zikuthandizanso kuti katundu asaunjikane.

Yambani ndi mabokosi atatu. Masikweya mita asanu ndi imodzi osamalidwa bwino amapatsa banja masamba othyola kangapo pa sabata, ndipo ndi omwe madzi a thanki imodzi angakwanitse.

## 5. Sakanizani dothi lopepuka

Katondo wofiira wa kwathu kuno akanyowa amalemera kwambiri, ndipo m'bokosi amagwirana n'kuuma gwa. Ndowa ya malita 20 yodzaza ndi dothi lotero lonyowa imafika makilogalamu 32 mpaka 36. Chomwe mukufuna n'chosakaniza chomwe ndowa yomweyo sipitirira makilogalamu 20.

Pa ndowa 10 zilizonse, sakanizani ndowa 3 za manyowa owola bwino, 3 za mankhusu a mpunga owotcha, 2 za dothi lakuda lapamwamba, ndi 2 za tizidutswa ta makala tija timatsalira pansi pa matumba kwa ogulitsa. Dothi la madera a tiyi limakhala ndi asidi wambiri, tiyi amakonda zimenezo koma mpiru ndi repu ayi, choncho onjezerani phulusa la nkhuni manja awiri pa sikweya mita iliyonse. Musapitirire apo, phulusa likachuluka limawotcha mizu.

Mankhusu awotcheni motere. Boolani chitini chachikulu mabowo ambiri, muikepo paipi yachitsulo pamwamba yotulutsira utsi, musonkhe moto mkati, ndipo muunjike mankhusu ouma mozungulira. Akayamba kuda kunja, atembenuzeni. Onse akada bii, fafanizani muluwo n'kuthira madzi ambiri nthawi yomweyo. Mukachedwa amasanduka phulusa loyera lopanda ntchito. Owotcha bwino amakhala akuda koma osaphwanyika, ndipo amasunga madzi pomwe mpweya ukudutsa. Utuchi waiwisi musauike, umalanda chakudya cha mbewu pamene ukuola, masamba n'kuchita chikasu.

Yesani musanakweze. Dzazani ndowa yoboola pansi, thirani madzi mpaka atuluke, dikirani ola limodzi, muikoloweke pa sikelo ya mbedza ngati ija amagulira nandolo. Ikapitirira makilogalamu 20, chepetsani dothi, onjezerani mankhusu.

Podzaza bokosi, yambani ndi thumba limodzi loyala pawaya, kenako makoko a makademiya kapena makala okulirapo okhuthala masentimita 3, kenako thumba lina lobooledwa ndi msomali kuti dothi lisatsike, pomaliza chosakaniza chija masentimita 15. Bokosi limodzi limadya ndowa 15. Kwezani ndowa imodziimodzi n'kuthira m'bokosi. Musaunjike dothi lonse pamalo amodzi padenga poti mudzagawa mawa.

## 6. Kololani madzi a mvula

Mulanje ndi Thyolo amalandira mvula yambiri kuposa madera ambiri m'dziko muno, koma yochuluka imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chiperoni cha pakati pa Meyi ndi Ogasiti chimathandiza pang'ono. Vuto lili pa Seputembala, Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala, pomwenso masamba amakwera mtengo pamsika.

Madzi a m'thanki achokere padenga lamalata, osati pasilabu ya dimba. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga lamalata la mamita 8 ndi 6 ndi masikweya mita 48, ndipo mvula ya mamilimita 25 imagwetsapo malita 1,200. Mukachotsa otayika, ofika m'thanki ndi pafupifupi 960. Nyengo yotentha, sikweya mita ya masamba imamwa malita 5 mpaka 6 pa tsiku, ndiye mabokosi atatu akufuna malita 30 mpaka 36, zigubu ziwiri zosadzaza. Thanki ya malita 5,000 ingakufikitseni miyezi inayi ndi theka ngati madziwo ndi a dimba lokha.

Thanki ikhale pansi, pa maziko a konkire osalala. Malita 1,000 ndi tani imodzi, ndiye ya malita 5,000 sikwera padenga ngakhale injiniya atavomereza mabokosi. Padenga pakhale mgolo wa malita 200 wokha, pamwamba penipeni pa chipilala kapena pomwe makoma awiri a m'munsi akumana. Muziudzaza ndi zigubu kapena ndi kapampu ka sola.

Magata apendekere kuthanki ndi theka la sentimita pa mita iliyonse, ndipo zogwirira zisatalikirane kuposa masentimita 60, chifukwa mvula ya kuno imapinda gata lofooka tsiku limodzi. Paipi isanalowe m'thanki, lumikizani ina yotsika pansi yokhala ndi chotsekera kumapeto. Madzi oyamba, a fumbi ndi zitosi za mbalame, amadzaza imeneyi kaye, oyera n'kumapitirira. Paipi ya mamilimita 110 imasunga pafupifupi malita 9 pa mita, ndiye mamita atatu akupatsani malita oposa 25. Muzitsegula chotsekeracho mvula ikakata. Polowera ndi potayira pa thanki pakhale sefa yawaya wosalola udzudzu kulowa.

Madzi ochokera pasilabu ya dimba amakhala ofiirira chifukwa adutsa m'manyowa. Alowe mumgolo wawokha pansi, muzibwezera ku mbewu. Asasakanikirane ndi a m'thanki ochokera padenga lamalata, ndipo musamwe kapena kuphikira.

## 7. Bzalani zoyenera kuya kwa bokosi

M'masentimita 15 mumachita bwino mpiru, repu, tchayinizi, bonongwe, chisoso, luni, letesi ndi anyezi wamasamba. Fesani m'kabokosi kapadera, ndipo mbande zikakwana masabata atatu kapena anayi, zili ndi masamba anayi, wokerani madzulo. Mpiru, repu ndi tchayinizi zitalikirane masentimita 25 mpaka 30, anyezi masentimita 10. Bonongwe fesani m'mizere momwemo n'kupatulira. Kholowa nayenso amachita bwino ndipo amafunda dothi, iye ndiye wopirira kwambiri dzuwa la Okutobala.

Matimati, tsabola ndi therere zimafuna masentimita 30, ndiye zibzaleni m'ndowa zoboola, mbewu imodzi pa ndowa, zosanjidwa pa mzere wa khoma la m'munsi. Matimati a m'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni amagwidwa chiwawu msanga kuno, abwino ndi owokera mu Ogasiti. Nthochi, mapapaya, mapeyala ndi nzimbe si za padenga.

Phimbani dothi ndi udzu wouma wokhuthala masentimita 3 mpaka 5, osagunda tsinde. Padenga pamawomba mphepo kuposa pansi, makamaka mwera, ndipo mphepo imaumitsa bokosi kuposa dzuwa. Mangani mpanda wa nsungwi zong'amba kumbali yomwe imachokera, wokhala ndi mipata kuti ina izidutsa. Mpanda wotsekeratu umagwetsedwa. Ngati padenga pali masola, mbewu zazitali ndi mpanda zikhale kummwera kwake, chifukwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsira chakumpoto.

Phindu lina mudzalimva m'chipinda cha m'munsi. Konkire yomwe ili pamthunzi wa mabokosi situlutsa kutentha kochuluka usiku, choncho ngati mungasankhe, ikani mabokosi pamwamba pa chipinda chogona.

## 8. Kuthirira ndi kudyetsa

Thirirani m'mawa kwambiri, ndipo nyengo yotentha mubwerezenso madzulo, theka m'mawa theka madzulo. Lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri. Ngati mukumva chinyezi, dikirani. Madzi akamatuluka pansi pa bokosi ngati mpopi, mwathira ambiri ndipo chakudya chikupita nawo.

Dothi losaya limatha mphamvu msanga. Ikani zitosi za nkhuku zouma zokwana theka la ndowa m'thumba, mulimize mumgolo wa madzi pansi kwa masabata awiri, muzivundula masiku ena. Pothira sungunulani ndi madzi ena mpaka mtundu ukhale ngati wa tiyi wosalowerera, ndipo muthire pa dothi lonyowa kamodzi pa sabata, osati pa masamba. Lekani kuthira kutatsala sabata kuti muyambe kuthyola, ndipo masamba muzitsuka bwino. Nsabwe za m'masamba zikabwera, wazani madzi a sopo pang'ono kunsi kwa masamba madzulo, ndipo mbozi tolani ndi manja.

Mukakolola, chosakaniza chimakhala chitatsika. Onjezerani manyowa ndi mankhusu, osati dothi, ndipo musinthe mbewu: pomwe panali mpiru kapena repu pabwere bonongwe, anyezi kapena nyemba za khwanya.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Choyamba ndi kuwonjezera katundu pang'onopang'ono osawerengera. Dimba likayenda bwino, munthu amakweza bokosi lachinayi, lachisanu, migolo iwiri, khola la nkhunda, njerwa zotsala. Chilichonse pachokha n'chopepuka, koma silabu ikusenza zonse pamodzi. Musanawonjezere, bwererani ku nambala yomwe injiniya anakupatsani.

Kuiwala mapaipi otulutsa madzi ndi komwe kumadonthetsa madenga omatidwa bwino. Udzu wophimbira ndi masamba ouma zimauluka n'kukatseka kawaya. Sesani pansi pa mabokosi sabata iliyonse, ndipo kumapeto kwa Okutobala thirani ndowa ya madzi pa paipi iliyonse muone ngati akutuluka pansi mwamphamvu. Nyengo ya mvula, kwerani mukaone ikangokata.

Ena amaboola phula okha. Amakhomera msomali wa chingwe cha zovala, amakoka bokosi lodzaza, kapena amaika mbaula yamoto pansi. Zomangirira zonse zigwire pakhoma la m'mbali, pamwamba pa pomwe phula lathera. M'njira zoyendamo yalani matumba ndi timatabwa, chifukwa phula likatenthedwa masana limafewa ndipo chidendene cha nsapato chimalowa. Phula losafundidwa lipakeni penti yasiliva yopangidwira phula kuti dzuwa lisaliphwanye.

Pulasitiki wakuda yekha si wokwanira kuteteza silabu. Amang'ambika pansi pa njerwa, madzi amalowa kunsi kwake, ndipo poti sangaume, denga limadontha kuposa kale.

Manyowa aiwisi amawotcha mbande, amanunkha ndi kuitana ntchentche pamwamba pa nyumba yogonamo anthu. Owola bwino amakhala akuda, ozizira, ndipo amanunkhira dothi.

Neti ya udzudzu musaisandutse mthunzi wa mbande kapena sefa ya thanki. Ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ili kuchipinda. Mthunzi pangani ndi udzu kapena ukonde wogula kusitolo za ulimi. Ndowa, zitini ndi mbale zosiyidwa padenga muzizivundikira, chifukwa m'nyengo yotentha udzudzu umaswana m'madzi oima pasanathe masabata awiri.

Mukaona kadontho kachinyezi kudenga la m'chipinda, musathamangire kupaka penti. Madzi amayenda m'kati mwa konkire, ndiye pomwe aonekera si pomwe alowera. Yambani kufufuza mozungulira mapaipi, m'makona ndi pa zitsulo zija, kenako polumikiza phula kumtunda kwa dontholo. Ngati pakufunika kusuntha bokosi, tulutsanimo dothi kaye ndi ndowa, mulinyamule anthu awiri, ndipo pobooka pamatidwe chigamba chopitirira masentimita 15 mbali zonse, padenga pali pouma.